Tsabola wakale amene akuwawabe

Anthu akamatamanda makina akale a pinball, aja oseweretsa kampira kachitsulo pansi pa galasi, amangotchula zithunzi, nyali ndi phokoso. Palibe amene amakumbukira achikulire omwe amakhala kuseri, pakona ya bolodi m'bokosi la kumutu: gawo lopereka magetsi amphamvu. Lero tiwavulire chipewa.

Udindo wawo unayamba cha m'ma 1977, pamene kampani ya Bally ya ku Chicago inasiya timawilo towerengera zigoli n'kuika manambala owala, monga pa makina a Eight Ball. Ubongo wa makinawo umakhuta ndi mavolti 5 okha, koma mpweya wa neon wa m'timagalasi ta manambala suyaka ndi zamasewera. Ndiye achikulirewa amalandira mavolti 230 n'kupungula mpaka pafupifupi 190. Anzawo a ku kampani ya Williams anasankha kupereka 100 mbali iyi, 100 mbali inayo. Ntchito yonseyi n'cholinga choti munthu wodya ndalama zake mu bala adziwe kuti wagonja ndi zingati.

Choyamba tiwayamike chifukwa cha kuolowa manja. Zipangizo zina zikafa zimangoti zii. Achikulire a ku Bally ayi. Ma transistor awo atatu akapsa, nthawi zambiri amangosiya kupungula, n'kutsanulira 230 yonse m'magalasi. Manambala amawala bwino, mwini makina n'kumanyadira, osadziwa kuti magalasi akunyeka pang'onopang'ono. Amadzazindikira atatsegula kumbuyo: ka resistor kapserera, bolodi yachita bulauni pozungulira, ndipo akapotokola kosinthira mphamvu ndi sikuludilaiva, mita yangoima nji pa 230. Ndani wina amene akadwala amawonjezera chopereka? Ndiponso atatuwo ndi ogwirizana ngati ana a mimba imodzi. Ukasintha mmodzi yekha, otsalawo amamupha mlendoyo, n'chifukwa chake amisiri amagula onse pakamodzi.

Chachiwiri ndi chilungamo. Kafyuzi kawo kakaduka, makina amasewerabe: mpira ukugunda, nyali zikuphethira, koma zigoli kulibe. Katswiri wa zaka 40 ndi mwana woyamba lero amachoka ali ofanana. Palibe wodzitama, palibe wobwereza ndi mkwiyo. Mabungwe ambiri alalikira za kusasiyana kwa anthu, koma achikulirewa amakukwaniritsa ndi kawaya kopyapyala.

Chachitatu, saiwala. Akuti tsabola wakale sawawa, koma wonena zimenezi sanakhudzepo capacitor yawo yaikulu ija, yopirira mavolti 350. Uzimitse makina, uzule pulagi, iyo imatha kusungabe moto wake kudikira chala chopupuluma. N'chifukwa chake mmisiri wodziwa amafika mwaulemu: mphete wavula, dzanja limodzi kumbuyo, mita patsogolo, ndipo sagwira kanthu asanakhuthule mphamvu yotsalayo kudzera pa resistor n'kuyezanso. Mwambo umene makolo amavutika kuphunzitsa ana zaka zambirimbiri, achikulirewa amauphunzitsa kamodzi kokha.

Alinso mphunzitsi wa kudekha. Manambala akayamba kuthwanima kapena kuzimirira, munthu wa phuma amathamangira kugula magalasi ena odula, n'kupeza kuti vuto lili pomwepo. Wophunzitsidwa ndi achikulire amatsata njira yake. Amayamba ndi fyuzi, kenako amayeza ngati 230 ikulowa, kenako ngati 190 ikutuluka. Akatero amayang'ana timapini tolumikizira mawaya, pomwe mtovu wowotcherera umang'ambika chifukwa cha ukalamba ndi kugwedezeka. Zonse zikakhala bwino amatsitsa mphamvu kufika cha pa 170, kuti magalasi akhalitse. Oweta makina a Williams nawo amachotsa ma zener diode a 100 n'kuika a 91 pa chifukwa chomwecho.

Zachisoni n'zakuti masiku ano akuwapumitsa pa ntchito. Kwabwera manambala a LED, ofuna mavolti 5 basi. Munthu amangowalumikiza, n'kuzula fyuzi ya achikulire, nkhani yatha. Makina otere saluma, sanunkha chopserera, sadya Loweruka la munthu. Eni ake amapisamo manja onse awiri, kwinaku akuyankha foni. Tikulera m'badwo wa amisiri osadziwa mantha, ndipo tsiku lina adzatsegula wailesi yakanema ya agogo awo.