Mbiri ya Malemu ku Chingwere

Mwaona kodi kuti ku Matero munthu amakwezedwa pantchito atamwalira? Pitani kumanda a Chingwere mukamve mbiri ya malemu. Amene ankawotcherera mbaula pamsika wasanduka injiniya, amene ankasunga kiyi wa tchalitchi wasanduka dikoni wamkulu. Ngongole yake ya pakantemba sitchulidwa, ngakhale mwini kantembayo waima pomwepo, fosholo ili m'manja, akugwedeza mutu mwaulemu.

Chodabwitsa n'chakuti agogo amene analidi ndi mbiri tinkawadula mawu ali moyo. Anyamata a Northern Rhodesia Regiment, obadwira m'dziko lopanda nyanja yamchere, anakwera sitima zapamadzi kukamenyana ndi asilikali a Japan ku Burma mu 1944. Mayina a Burma Road ndi Arakan Barracks anachokera komweko. Koma madalawo akayamba kusimba, adzukulu ankangotsinana kuti agogo ayambanso.

Usilikali wapamadzi umene tatsala nawo ndi wa ku Kanyama mu Januwale madzi akasefukira, nsapato m'manja, thalauzi lopinda m'mawondo. Ngati agogo anu akadalipo, afunseni lero, musadzachite kupeka pamanda.