Walira Mvula Walira Matope, Ngakhale Pansi pa Moscow

Akuluakulu amene anati walira mvula walira matope sankadziwa Xbox. Iwo ankanena za mlimi amene amadandaula ndi dzuwa la Okutobala, koma mvula ikagwa n'kuyambanso kutukwana njira yoterera. Komabe mwambi wawo unawapeza anyamata a masiku ano ali khale pampando, zala zili pamabatani, ndipo unawakwana ngati anachita kuwayeza.

Kwa zaka zambiri okonda magemu owomberana ankalira. Ankati magemuwa ndi abodza. Msilikali mmodzi amanyamula mfuti khumi ndi thumba la mabomba, n'kumathamanga osatopa. Akamuwombera pachifuwa amangobisala kuseri kwa khoma, kupuma pang'ono, bala n'kupola lokha. Zipolopolo zili mbwee paliponse, ngati kuti adani amabwera kunkhondo kudzagawa mphatso. Ndiye ankapempha zenizeni: nkhani yogwira mtima, dziko loti ukalowamo uzichita kumva fungo lake, nkhondo yoti thukuta lituluke. Kumeneko kunali kulira mvula.

Mvula inagwadi, ndipo mitambo yake inachokera ku Kyiv, m'dziko la Ukraine. Mu 2010 kampani ya 4A Games inatulutsa Metro 2033, gemu yochokera m'buku la Dmitry Glukhovsky wa ku Russia, limene mwiniwake anayamba waliika pa intaneti mu 2002 lisanasindikizidwe mu 2005. M'nkhaniyi dziko linapsa ndi mabomba a nyukiliya mu 2013, ndipo patha zaka 20 opulumuka akukhala m'masiteshoni a sitima zapansi panthaka za mu Moscow. Siteshoni iliyonse yasanduka mudzi wokhala ndi atsogoleri ake, msika wake ndi adani ake. Amaweta nkhumba, amalima bowa, ndipo tiyi amene amamwa ndi wa bowa yemweyo. Kumtunda kuli chipale, mpweya wapoizoni ndi zilombo zouluka. Wosewera ndiye Artyom, mnyamata wa pasiteshoni ya VDNKh, amene watumidwa ku masiteshoni otchedwa Polis kukapempha thandizo.

Anthu anaombera m'manja. Anayamikira kuti ukadutsa pamsika umamva ana akusewera, wina akuimba gitala pafupi ndi moto, akuluakulu akukambirana mphekesera za siteshoni ina. Kenako anafika pa wogulitsa mfuti, n'kuponda matope oyamba.

Mu Metro mulibe ndalama. Ndalama ndi zipolopolo, zonyezimira zija zimene zinapangidwa nkhondo isanachitike. Zilipo zina zopangidwa pansi pomwepo, zakuda, zofooka, zimene chilombo chimangozimva ngati kuyabwa. Zonyezimirazo ukhoza kugulira mfuti yabwino, komanso ukhoza kuziika mumfuti n'kuwombera, ndipo zimapha msanga. Ndiye chilombo chikamabwera, munthu amene anazolowera kufinya batani osasiya amapezeka akuwerengera kaye ngati ali pa golosale. Akawombera, wataya ndalama. Akaumira, wadyedwa. Ambiri anawombera chuma chawo chonse m'malere chifukwa cha mantha, n'kukafika pamsika wotsatira ali chimanjamanja, akungoyang'ana mfuti za eni ndi maso. Pomwepo dandaulo linayamba: gemu yanji yomana munthu zipolopolo? Koma kodi amene anati zipolopolo za m'magemu zachuluka mopanda nzeru anali ndani?

Matope achiwiri ali kumtunda. Artyom akatuluka pansi ayenera kuvala chigoba chopumira, ndipo chigobacho chimafuna sefa. Sefa imatha. Palibe manambala akuluakulu pasikirini okuchenjezani. Muyenera kukweza mkono n'kuyang'ana wotchi. Mukaiwala, mumamva kupuma kwanu kukusintha. Poyamba ndi wefuwefu wamba, kenako kubanika, galasi la chigoba likuchita nkhungu, m'mphepete mwake muli ming'alu ya pamene chilombo chinakumenyani. Mumayamba kufufuza m'matumba a mitembo, osati mofuna mfuti, koma kasefa kamodzi kokha. Ndipo poti gemu imadzisungira yokha pamene mwafika, ena inawasungira pamalo oti sefa zatha psiti. Akayambiranso, masekondi angapo, afa. Akayambiranso, afanso. Mankhwala ake ndi kubwerera koyambirira kwa gawo lonse, uku akutukwana aliyense wa ku Kyiv.

Tochi nayo ili ndi mwambo wake. Ikayamba kuzirala mumatulutsa kachipangizo kotchajira n'kumafinya ndi dzanja kuti kuwala kubwerere, ndipo nthawi imeneyo mfuti ili pansi. Mfuti ina yotchedwa Tihar imafuna kupopa mpweya musanawombere. Apa m'pamene ife ozolowera kuzima kwa magetsi timawaseka anzathu a kunja. Iwo amati n'zoopsa kuyenda mumdima ndi tochi yoti ikutha mphamvu, pomwe kwa ife limenelo ndi Lachiwiri wamba madzulo.

Ndiye pali laibulale. Gemu imakulowetsani m'laibulale yaikulu ya mu Moscow, mmene mukukhala zilombo zamphamvu zimene anthu a pansiwo anazitcha oyang'anira mabuku. Malangizo ake ndi oti mukakumana nacho musathawe, musachipatse msana, muchiyang'ane m'maso tong'o uku mukubwerera m'mbuyo pang'onopang'ono. Tangoganizani: munthu wagula gemu yowomberana ndi ndalama zake, mfuti ili m'manja, ndipo akuuzidwa kuti apenyetsetsane ndi chinyama ngati ana opikisana kuti aone amene ayambe kuphethira. Ambiri sanapirire. Anawombera, zipolopolo zinatha, chilombo chili chilili.

Penanso mumapeza kamwana kataima pafupi ndi mtembo wa m'bale wake, n'kukanyamula paphewa kuti mukakapereke kwa mayi ake. Kuyambira pamenepo mfuti imalemera, kutembenuka kumachedwa, kulunjika kumavuta. Osewera ena anati mabatani awonongeka. Mayi aliyense amene anayesapo kuthamangira minibasi mwana ali kumbuyo akanawafotokozera kuti palibe chawonongeka.

Chondiseketsa n'choti woyamikira ndi wodandaula nthawi zambiri amakhala munthu mmodzi. M'mawa akuuza anzake kuti sanaonepo gemu yosamala tinthu ting'onoting'ono chonchi: nkhungu ya pagalasi, wotchi ya pamkono, laitala yopangidwa ndi chikhokhombe cha chipolopolo imene Artyom amaunikira pepala lake. Madzulo akuti gemuyi ndi yankhanza chifukwa sefa yamuthera. Koma nkhungu imene akuitamayo ndi sefa imene akuitukwanayo ndi chinthu chimodzi. Chimene ankafuna ndi zenizeni zoonera, osati zovala. Ankafuna umphawi wa Artyom ukhale pakhoma ngati chithunzi, iye akudutsa ndi matumba odzaza. Anzathu a ku Kyiv anakana. Anaona kuti nkhani ya anthu osowa siingamveke kwa munthu wokhuta, choncho njalayo anaiika m'zala za wosewera. Mukawachotsera kuwerenga zipolopolo, zotsalazo ndi mauna amdima basi, ndipo mayi amene akukupatsani zipolopolo pothokoza kuti mwamubweretsera mwana sakukupatsani kanthu. Koma poti mukudziwa mtengo wake, dzanja limanjenjemera: ndilandire kapena ndikane?

Tisawanamizire onse odandaula, chifukwa si matope onse amene amabwera ndi mvula. Ena amabwera ndi paipi yophulika. Mu gemu ya 2010 ija, ukamazemba adani mumdima, mlonda mmodzi akangokuona msasa wonse unkadziwa pamene uli, ngakhale amene ali kuseri kwa khoma. Chakumapeto, m'malo obisika a asilikali otchedwa D6, pali gawo limene mumaperekeza msilikali wina dzina lake Miller pakati pa timibulu tamoyo tophulika, ndipo iye amangoyenda chamtsogolo ngati munthu wopita kuukwati, akafa inu n'kuyambiranso. Pamenepo palibe phunziro la moyo. Ndi ntchito yosamalizika basi, ndipo eni ake zambiri mwa izi anadzazikonza pambuyo pake. Mwambi uja ndi wabwino, koma usakhale chobisalirapo cha mmisiri amene denga lake likudontha.

Tsopano imvani mmene nkhani inatembenukira. Patapita miyezi ingapo gemu yoyamba itatuluka, anawonjezeramo kaseweredwe kotchedwa Ranger. Zipolopolo zinachepanso, ndipo mumtundu wake wovuta kwambiri zolemba za pasikirini zinachotsedwa. Mdani amafa msanga, nawenso umafa msanga. Anthu omwe aja analawa, n'kuyamba kulengeza kuti Metro yeniyeni ndi imeneyi, ndipo wosewera mwanjira ina ndi mwana. Matope anasanduka mendulo.

Amalonda sagona. Pamene gemu yachiwiri, Metro: Last Light, inkatuluka mu 2013, kampani ya THQ imene inkagulitsa magemuwa inali itagwa, ndipo Deep Silver inali itatenga malo. Kaseweredwe ka Ranger kanaikidwa padera: kanali ka amene anaitanitsiratu gemuyo, ndipo ena onse anayenera kuwonjezera pafupifupi madola 5. Mkwiyo unali wosaneneka. Anthu amene zaka zitatu m'mbuyomo ankalira kuti zipolopolo n'zochepa tsopano ankalira kuti akuwalipiritsa kuti awachepetsere zipolopolo. Ndipo apa ankanena zoona. Ngakhale akuluakulu athu, ndi nzeru zawo zonse, sanalote kuti lidzafika tsiku loti mvula izigulitsidwa pano, matope apo, chilichonse ndi lisiti lake.

Mu 2014 magemu awiriwa anatulukanso atakonzedwa, pansi pa dzina loti Redux, ndipo wosewera anapatsidwa ufulu wosankha. Wofuna kuvutika atenge Survival, wofuna zipolopolo zambiri ndi kuthamanga atenge Spartan. Mukuganiza mtendere unabwera? Mkangano unangosamuka. Tsopano unali woti ndani wasewera moyenera ndipo ndani wangodutsamo ngati mlendo.

Mu 2019 kunabwera Metro Exodus. Kwa amene ankati atopa ndi mauna opanikiza, Artyom anakwezedwa sitima yotchedwa Aurora n'kutuluka mu Moscow, kudutsa kumtsinje wa Volga, kuchipululu cha pamene panali nyanja ya Caspian, kunkhalango, mpaka ku Novosibirsk. Ena anasangalala. Ena anafunsa kuti Metro yake ili kuti, popeza kumwamba kukuoneka. Ndipo ngati kuti a 4A Games anamva mwambi wathu, anaikamo matope enieni. Ukayenda m'madambo a Volga mfuti imada, galasi lake limachita litsiro, kenako imayamba kukana kulira chilombo chili pamphuno. Umayenera kupeza tebulo la mmisiri n'kuitsuka. Mnyamata amene mbale yake yodyera imagona pansi pa bedi masiku atatu amapezeka pakati pa usiku akupukuta mfuti yosaoneka ndi mtima wonse.

Pali chinanso chimene gemu yoyamba ija imachita mwakachetechete. Imawerenga khalidwe lanu osakuuzani. Mukaima n'kumvetsera anthu akucheza, mukapatsa wopempha chipolopolo, mukakana mphatso ya mayi uja, imasunga. Pamapeto, pamwamba pa nsanja ya Ostankino, amene anasonkhanitsa zokwanira amapatsidwa mpata wosankha mathero ena. Othamanga, amene ankakankha aliyense pofuna sefa, amangoona mizinga ikugwa. Atamva kuti panali mathero ena, anadandaulanso kuti bwanji sanauzidwe. Komatu ubwino woti wachita kuuzidwa kuti pali mphoto si ubwino, ndi ganyu.

Amene anapanga zonsezi sankalankhula za matope a m'maloto. Mu 2013 Jason Rubin, amene anakhalapo mkulu wa THQ, analemba mmene anyamata a ku Kyiv ankagwirira ntchito: mothinana, pamipando yopinda, magetsi akuzimazima, nthawi yozizira atavala majekete muofesi chifukwa zotenthetsera zafa. Anthu oterowo ukawapempha zenizeni sakupatsa zoseweretsa. Wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima.

Choncho mukadzamva wachibale wanu akukuwa kuchipinda kuti gemu yamulakwira, musathamangire kumutonthoza. Mufunseni kaye ngati ndi paipi yophulika kapena ndi mvula imene anaitana yekha. Ikakhala paipi, muthandizeni kukalipa, chifukwa ndalama zake zinapita. Ikakhala mvula, muuzeni kuti batani lofewetsera gemu lilipo, ndipo palibe amene adzadziwe. Mumuona akukana, ati iye si mwana, n'kubwerera kukafa kachiwiri pamalo omwewo.