Tiwaombere m'manja a NULL

Pa antchito onse a m'chilankhulo cha C, palibe wolemekezeka kuposa a NULL. Ma pointer anzawo amatuluka thukuta kunyamula ma adiresi a mu memory, koma iwo udindo wawo ndi umodzi: kuloza pamene palibe kanthu. Anawalemba ntchito ndi Tony Hoare mu 1965, m'chilankhulo cha ALGOL W. Mu 2009 mkuluyu anaima pamaso pa anthu ku London n'kupepesa, ati kulakwa kwakeko kunawonongetsa madola biliyoni. Chikhalirecho a NULL ali pantchito, sanalandirepo ngakhale kalata yowachenjeza.

Chimene ndimawagomera n'chakuti sadziwika nkhope. Polemba pulogalamu timaika 0, koma malamulo a C sakakamiza kuti mkati mwa makina akhaledi ziro. Pa makompyuta akale a Prime 50 ankakhala ku segment 07777. Mu C++, pointer yopanda kanthu yoloza data ya membala wa class nthawi zambiri imasungidwa ngati -1, poti pa 0 pali kale membala woyamba. Ndiye inu amene mumapukuta struct yonse ndi memset n'kumadzitama kuti ma pointer onse asanduka NULL, thokozani makina anu. Malamulo a C sanakulonjezeni zimenezo.

Pa Linux ukawakhudza, pulogalamu imafa pompo ndi "Segmentation fault". Pa ARM Cortex-M n'zosiyana: pa adiresi 0 pali vector table, choncho amakupatsa nambala yolakwika mwaulemu, iwe n'kumapitiriza ulendo wolowera kuphompho uli mwee. Kunena chilungamo, a NULL a pa Linux amaposa alembi a m'maofesi ena, amene amati "bwana atuluka pang'ono" chonsecho bwanayo sanabwere sabata yonse.

Koma apa ndiye pondiwawa. Mnzanga wa desiki yoyandikana amaitana malloc, osayang'ana chimene chabwera, kenako n'kumatukwana compiler mpaka madzulo. Ngakhale akatswiri a Linux anagwa m'mbuna yomweyi mu 2009: anagwiritsa ntchito pointer kaye, n'kudzafunsa pambuyo ngati ili NULL. Compiler ya GCC inaona kuti funsolo labwera mochedwa, n'kulifufuta, ndipo panatseguka khomo loti akuba alowere.

Abale anga olemba mapulogalamu, a NULL sapuma pantchito posachedwa. Ngakhale C23 yangowasokera suti yatsopano yotchedwa nullptr. Afunseni kaye musanawagwire.