Khofi, Amalume ndi Msewu wa M1

Amalume ndi akazi awo atandipempha kuti ndiwaperekeze ku chinkhoswe ku Thyolo, ndinati tisananyamuke mu Lilongwe ndiwaonetseko malo omwera khofi a m'tauni. Amalume analoza dzina lomwe linawakomera m'maso: espresso. Kunabwera kakapu kongati chitsekerero cha botolo. Iwo anakayang'ana, n'kukapiza kamodzi, n'kugwedeza mutu. "Ndalawa, mwana wanga, ali bwino. Tsopano kabweretse weniweniyo."

Mtsikana woperekera khofi anawafunsa mwaulemu: "Ndiye ndibweretse wakuda kapena woyera, bambo?" Amalume anamenya patebulo. "Zosankhana mitunduzo tinathana nazo mu 1964!"

Mayi, akazi a amalume, ndinawaitanitsira cappuccino. Ataona thovu lili tolotolo anabweza kapu: "Katsukuluzeni bwino, sopo watsalira." Kapu ya amalume itafika, thovu lake linali lojambulidwa kamtima pamwamba. Mayi anayang'ana kamtimako, anayang'ana mtsikana uja, kenako anayang'ana amuna awo. "Bambo, mwati malo ano n'koyamba kufikapo?"

Tinalowa mu M1, kudutsa Nathenje, Linthipe, mpaka pa tologeti ya Kalinyeke ku Dedza. Ndinapereka ndalama, anandipatsa lisiti, chitsulo chinakwera. Amalume anandisisita paphewa monyadira: "Mphwanga walemera, mpaka kugula msewu." Sindinawatsutse. Ulemu wotere sumabwera kawiri.

Ku Dedza kunkazizira ngati mufiriji, ndiye tinalowa m'katiyirumu kena. Ine, pofuna kuonetsa utauni, ndinati: "Mayi, ndipatseni khofi wamphamvu." Mwini malowo, mayi wa mikono ngati misi, anapukuta manja pachitenje. "Wa m'kapu mumayamba mwalipira, achimwene. Mukamwa osalipira m'pamene ndimapereka lamphamvu, laulere, patsaya."

Mnyamata wina wachikwama chakumsana analowa, maso ali pafoni. "Muli ndi netiweki ya intaneti muno?" Mayiwo anasuzumira m'kabati. "Yatha m'mawa. Atsala masikono."

Pa Lizulu msewu ndiwo malire: tsidya lino Malawi, tsidya linalo Mozambique. Mayi atamva zimenezi anawoloka mothamanga, n'kuimbira foni mng'ono wawo kumudzi. "Lankhula msanga, ndili kunja kwa dziko!" Anabwerako ndi kabichi mmodzi, yemwe mpaka lero amamutchula kuti wakunja. Amalume nawo anawoloka, koma iwo anazemba kuseri kwa tchire. Pobwera anali akumanga lamba, nkhope ili myaa. "Dziko langa sindingaliipitse."

Tisanafike ku Ntcheu anyamata anatitchingira ndi timitengo ta mbewa. Amalume anagula kamtengo kamodzi n'kuyamba kuwerenga michira. Yakwana. Anawerenganso mitu, wasowa umodzi. Mnyamatayo sanaphethire: "Imeneyo inali yoganiza kwambiri, bwana, mutu unatha ili moyo."

Pa Chingeni, tologeti ina. Nditangotulutsa ndalama amalume anandigwira dzanja, n'kutulutsa mutu pawindo. "Mayi, musamubere mwanayu! Msewu womwewu wagula kale ku Dedza, lisiti nayi!"

Pa Zalewa, pafupi ndi mlatho wa Shire, wapolisi anasuzumira m'galimoto. "Mwanyamula chiyani, bambo?" Amalume anapumira m'mwamba, osangalala kuti wina wafunsa. "Nyamakazi, bwana, ndi shuga. Mayiwa anyamula BP." Wapolisiyo anati tipite. Amalume anadandaula mpaka pa Lunzu kuti sanawafunse za msana.

Titadutsa Limbe ndi Bvumbwe ndinayatsa mapu a pafoni, poti mudzi wa chinkhoswe sindinkaudziwa. Mawu a mzimayi anayamba kulamula: khoterani kumanja, khoterani kumanzere. Mayi anapirira mphindi zingapo, kenako anandikoka khutu. "Iwe, ameneyu ndani woti akudziwa njira ya kuchibale kwathu ife sitinamuonepo ngakhale pamaliro?" Posakhalitsa mzimayi uja analengeza kuti tafika. Tinali pakati pa munda wa nandolo. Amalume anati: "Mwina kwawo n'kuno."

Tinasiya foni n'kufunsa anthu. Agogo ena okhala pakhonde anati: "Ndi pompano apa, simufunikanso galimoto." Tinayenda ola lathunthu. Tinafunsanso kamnyamata koweta mbuzi, nako kanatilongosolera bwinobwino: "Mupite chonchi, mukafika pamtengo wa mango waukulu mukhote." Tinapita, tinabwerera, mtengo osauona. Titakapezanso kanati: "Eya, anaudula chaka chatha. Koma mukhote pomwepo."

Minda ya tiyi itayamba kuoneka, yobiriwira phiri lonse ngati wina wayala mkeka, ndinawauza kuti masamba aja amagula m'timapaketi amachokera umu. Mayi anagwira pakamwa. Anaona azimayi akutchola nsonga zokhazokha n'kumaponya m'madengu kumsana, ndipo chifundo chinawagwira. "Masamba onsewa, nanga nsinjiro zake azipeza kuti?"

Tsiku lotsatira mnzanga wina anationetsa munda wa khofi, poti ku Thyolo amalimanso ameneyu, ngakhale wotchuka kwambiri ndi wa kumpoto, kumapiri a Misuku ndi Viphya. Tizipatso tinali titapsa, tofiira psuu. Munthu wa m'mundamo ankafotokoza kuti amatisenda, n'kuyanika, n'kukazinga, n'kupera, koma amalume sankamva. Anali atatsalira m'mbuyo, masaya ali tututu. Titawapeza anali akulavula nthanga ziwiriziwiri pansi. "Khofiyu ngotsekemera, mphwanga, vuto lake nthanga zachuluka." Munthu uja anagwada n'kuyamba kutola. "Bambo, mwadya chikwama, ndalama mwataya."

Madzulo anatiphikira khofi wa m'munda momwemo, ndipo amalume anamwa makapu atatu, aakulu, shuga masupuni anayi kapu iliyonse. Pakati pa usiku ndinamva kugogoda. Anali iwo, atavala jekete ndi chipewa, maso ali gwa ngati a kadzidzi. "Mphwanga, dzuka. M'nyumba muno muli afiti. Andibera tulo."