Mmene mungaphonyere mlendo pa chinamtindi cha anthu

Loweruka lomaliza la February, pa mwambo wa Nc'wala, bwalo la ku Mtenguleni limadzaza mpaka kusowa poponda. Tayerekezani kuti pa chinamtindi chimenecho akutumani kukapeza mlendo mmodzi amene nkhope yake simuidziwa, ndipo mwina sanabwere n'komwe. Asayansi osaka tinthu tachilendo tokhala ndi chaji ya magetsi ali pa ntchito yotero. Ku CERN, pafupi ndi Geneva, amawombanitsa mapulotoni m'ngalande yozungulira ya makilomita 27, ndipo akulingalira zokumba ina ya makilomita 91 yotchedwa FCC. Ikavomerezedwa, idzayamba ntchito m'zaka za m'ma 2040. Kamnyamata kamene kakuvina ngoma ndi chishango chaka chino kadzakhala katafika pa msinkhu wogwira ntchito kumeneko, ndipo ndimafunitsitsa kuti kadzapite kakudziwa kale mmene ntchitoyi imawonongekera.

Yambani ndi mlonda wa pachipata. Magulu a mapulotoni amakumana maulendo pafupifupi 40 miliyoni pa sekondi, ndipo palibe kompyuta yosunga zithunzi zonsezo. Pali pulogalamu imene imasankha masauzande ochepa chabe, zotsalazo n'kutaya. Iuzeni kuti izilowetsa okhawo ofanana ndi anthu amene mukuwadziwa kale, ovala zikopa, a nkholi kumanja. Mlendo wanuyo abwezedwa pachipata, ndipo chimene chatayidwa pamenepo sichibwereranso.

Kenako khulupirirani kuti aliyense amathamanga. Tinthu tambiri totuluka pa kuwombanako timayenda pa liwiro loyandikira la kuwala, koma kanthu kolemera kwambiri kamayenda ngati agogo a ndodo. Gulu lotsatira limafika pakangotha mananosekondi 25. Zida zanu zikakhala zosadziwa kudikira, agogowo adzalembedwa m'gulu la eni ake, kapena sadzalembedwa konse.

Apa pali nkhani ya mapazi, ndipo aliyense amene anakumbapo mbewa aimva msanga. Kanthu kachaji kamasiya mzere m'zida zojambulira, ndipo maginito amaupinda: chaji ina kumanja, ina kumanzere. Inu lamulani kuti mzere wovomerezeka ndi wokhawo wochokera pakati mpaka kunja. Wina ukayenda masentimita ochepa n'kuzimiririka, nenani kuti ndi zinyalala. Komatu wokumba mbewa amadziwa kuti pamene mpita wathera ndi pamene pali una. Mzere wothera panjira ungatanthauze kuti kanthu katsopano kasweka n'kusanduka kena kopanda chaji, kosaoneka. Mzere wofooka kwambiri nawonso muutaye, ngakhale kuti anzanu anamanga chida chapadera chotchedwa milliQan pafupi ndi chida chojambulira cha CMS kuti asake tinthu ta chaji yochepetsetsa.

Mukaona kachizindikiro, imbani mfuwu nthawi yomweyo. Mu December 2015, magulu a ATLAS ndi CMS anaona kachitunda kakang'ono m'deta yawo pa mphamvu ya 750 GeV. Iwo anachenjeza kuti umboni ndi wochepa, koma mapepala mazanamazana ofotokoza kanthu katsopanoko analembedwa. Pofika August 2016, deta itachuluka, chitundacho chinaphwa. Blas Cabrera wa ku Stanford anaona chizindikiro chimodzi chokongola pa 14 February 1982, chonga cha kanthu kokhala ndi mbali imodzi yokha ya maginito, ndipo sichinabwerenso. Kuona maso a nkhono n'kudekha: kanthu kotchedwa Higgs kanalengezedwa pa 4 July 2012 umboni utafika poti mwayi woti zangochitika mwangozi unali umodzi pa mamiliyoni atatu ndi theka.

Nthambo musazione n'komwe. Mu 2011 gulu la OPERA linayeza tinthu totchedwa manyutrino tooneka ngati tikupitirira liwiro la kuwala pa ulendo wa makilomita 730 wopita ku Gran Sasso. Cholakwa chachikulu chinapezeka pa nthambo imodzi yosalumikizika bwino.

Cholakwa chimene chimandiwawa koposa ndi ichi: mukasaka zaka zambiri osapeza kanthu, chitani manyazi, mubise. Obwera pambuyo panu adzakumbanso munda womwewo, una ndi una, osadziwa kuti munadutsamo kale. Makina a LEP, amene anali m'ngalande yomweyo ya makilomita 27 mpaka anatsekedwa m'chaka cha 2000, sanapeze kanthu kachilendo kachaji. Koma eni ake analemba mosamala kuti mitundu yambiri ya tinthu totere kulibe pansi pa 100 GeV kapena chapafupi pamenepo, ndipo obwera pambuyo pawo anayambira pa malire amenewo.