Za Kulimba Mtima kwa Munthu Wakuchigwa pa Msewu wa Gorodi

Kulimba mtima kwa munthu wakuchigwa, monga mlembi wa danga lino, ndi chuma chimene chimachepa mwiniwake akamakwera chitunda, ndipo malo abwino oyeserapo mfundoyi ndi Livingstonia, mudzi wa mishoni umene uli pamwamba pa phiri ku Khondowe m'boma la Rumphi. Dr Robert Laws anakhazikitsa malowa mu 1894, amishoni a ku Scotland atazunzika ndi malungo ku Cape Maclear ndi ku Bandawe, kutanthauza kuti anthu ophunzirawo anathawa udzudzu mpaka kukafika kumene udzudzuwo unaona kuti kwatalika.

Njira yochokera kunyanja imayambira pa Chitimba ndipo imatchedwa Gorodi, msewu wamiyala wa makona pafupifupi 20, amene mlendo amayamba kuwawerenga ndi pakamwa koma amamaliza kuwawerenga ndi m'mimba. Ambiri amakwera matola, ndiye kuti galimoto yapikapu imene mpando wake ndi thumba la ufa la munthu wina. Mboni zimati mlembiyu, amene pa Chitimba ankasimba za mapiri ngati anawaumba yekha, anafika pa kona yachisanu atatsinzina, pa yakhumi atakumbukira nyimbo zonse za ku Sande sukulu, ndipo pa ya 15 atalapa machimo ake ndi a alamu ake omwe. Nthawi yonseyi anali atagwiritsa chimene ankachiyesa chitsulo cha galimoto, chikhalirecho unali mkono wa gogo wina amene ankasenda mtedza ndi dzanja linalo.

Pamwambapo vuto limasintha dzina n'kukhala chisanu, makamaka kwa munthu amene wabwera mu Juni atavala malaya a manja aafupi. Atapatsidwa moni wa Chitumbuka wakuti "Monire", mlembiyu anayankha ndi mano okhaokha, ndipo eni mudzi, pokhala anthu aulemu, anangoti mwina ndiwo malankhulidwe a kwawo. Mathithi a Manchewe, amene amagwa mamita pafupifupi 125, anawafufuza mwakuya ataima patali, pamene amamveka koma osaoneka.

Mabuku a mbiri amati Dr Laws anakhala ku Livingstonia mpaka 1927 chifukwa chodzipereka pa ntchito ya Mulungu. Mlembiyu sakutsutsa, koma atasuzumira msewu wotsikira m'mawa mwake, anapeza chifukwa chachiwiri.