Ulemu kwa Bwana Nkhasi a ku Mwanza

Mwanza yatchuka mokwanira ndi manachesi komanso mizere ya mathiraki pachipata cholowera ku Zobue. Yakwana nthawi yoti titamande nzika ina imene yatumikira bomali popanda woiombera m'manja: nkhasi, mwini zithaphwi ndi madambo.

Tiyambe ndi fungo. Ena amatha ndalama pogula mafuta onunkhira, koma nkhasi imafulula akeake m'thupi. Mukainyamula, imatulutsa timadzi tonunkha toti ngakhale galu amabwerera chambuyo. Akuluakulu adati kamba amanyera yemwe wam'tola. Msuweni wake wam'madziyu adaupititsa patsogolo mwambowo.

Ulemu wake ndi wosasimbika. Kamba amabweza mutu molunjika m'chigoba, koma nkhasi imapinda khosi chammbali ngati mkamwini pamaso pa apongozi. Pachakudya sinyoza: ambululu, achule, nkhono, nyama yowola, zonse ndi ndiwo. Imathandizanso anyamata owedza powachotsera nyongolotsi pambedza, kuti abwerere kwawo osalemedwa ndi nsomba.

Chilimwe chikafika, madambo n'kuuma gwa, iyo siilembetsa dzina kwa amfumu kuti ilandire thandizo. Imadzikwirira m'matope n'kugona mpaka mvula yoyamba. Ngakhale Neno itapatuka ku Mwanza mu 2003, nkhasi sidalimbirane malire ndi aliyense.

Mbumba yake ndi ya apaulendo. Mtsinje wa Mwanza umathira mu Shire ku Chikwawa, Shire mu Zambezi, Zambezi n'kukathera m'nyanja yamchere cha ku Chinde, ndipo njira yonseyo abale a nkhasi ali mbwee, opanda pasipoti kapena chidindo. Ina yachigoba chofewa, ya mumtsinje wa Nile, imasambira m'nyanja ya Mediterranean m'magombe a Turkey ndi Israel. Ina ya ku America imakhala m'madambo amchere. Mchere ukachuluka m'thupi imautulutsira m'maso, ndipo ludzu imaphera madzi a mvula oyandama pamwamba pa amcherewo. Zathu za ku Thambani zilibe luso limeneli, choncho zidasankha kukhala konkuno. Kukonda dziko lako ndi kumeneku!

Tsono inu oyendetsa galimoto pamsewu wochokera ku Blantyre, mukaona bwanayu akuwoloka m'dzinja, pondani buleki. Ndipo inu ofuna kum'patsa moni wam'manja, yambani mwagula sopo.